Kerala: Boma limasintha, sukulu ndi minda zimatsala

Kummwera kwa India kuli chigawo chotchedwa Kerala, chomwe chinakhazikitsidwa pa 1 November 1956. Monga zigawo zonse za dzikolo, chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo komanso nduna yaikulu yoyendetsa boma. Ine chimene chimandikopa pa mbiri ya chigawochi ndi momwe ovota ake aphunzitsira andale mantha.

Pa chisankho choyamba mu 1957, anthu anasankha chipani cha chikomyunizimu, ndipo E. M. S. Namboodiripad anakhala nduna yaikulu. Zinali zachilendo padziko lapansi kuti chipani chotere chilowe m'boma kudzera m'voti. Boma lake linagwira nkhani ziwiri zoyaka moto. Nduna K. R. Gouri Amma inabweretsa bilu yoteteza alimi omwe ankalima minda ya eni malo akuluakulu, pomwe nduna ya maphunziro, Joseph Mundassery, inkafuna kuti boma likhale ndi mphamvu pa malipiro ndi kalembedwe ka aphunzitsi m'sukulu za mipingo ndi mabungwe.

Apa ndiye panavuta. Mpingo wa Katolika, bungwe la Nair Service Society ndi zipani zotsutsa anachita zionetsero zazikulu. Pa 31 July 1959, boma la Jawaharlal Nehru ku Delhi linachotsa boma la Namboodiripad pogwiritsa ntchito gawo 356 la malamulo oyendetsera dziko.

Munthu akanaganiza kuti nkhani ya minda yathera pomwepo. Ayi ndithu. Alimi anali atalawa kale, ndipo palibe wandale akanayerekeza kuiika pansi. Pa 1 January 1970, m'nthawi ya C. Achutha Menon, lamulo lopatsa alimiwo umwini wa minda yomwe ankalima linayamba kugwira ntchito.

Kuyambira mu 1982, ndale za Kerala zinakhala ngati mpira wa matimu awiri: mgwirizano wa UDF wotsogozedwa ndi chipani cha Congress, ndi wa LDF wotsogozedwa ndi achikomyunizimu. Chisankho chilichonse, amene ali m'boma ankatuluka. K. Karunakaran, E. K. Nayanar, A. K. Antony, V. S. Achuthanandan, Oommen Chandy, onsewa anauona mpando ukuwachoka. Mwambowu unasweka mu 2021 pomwe Pinarayi Vijayan anapambananso, LDF itatenga mipando 99 mwa 140.

Chondidabwitsa n'chakuti olowa sankagwetsa zonse zimene anzawo anayamba. Mu 1996 boma la Nayanar linapereka gawo lalikulu la ndalama zachitukuko kumakhonsolo am'midzi kuti anthu azidzisankhira okha chochita. Mu 1998 linayambitsa Kudumbashree, magulu a amayi osunga ndi kubwereketsana ndalama. UDF italowa mu 2001, maguluwa sanathetsedwe. Angawathetse bwanji pomwe amayiwo ndi omwe adzaime pamzere wovota? Kalembera wa 2011 anapeza kuti anthu pafupifupi 94 mwa 100 alionse ku Kerala amatha kulemba ndi kuwerenga, kuposa zigawo zina zonse za India. Wovota wotere sanamizika ndi nyimbo za pamsonkhano.

Komatu si zonse zili bwino. Mafakitale ndi ochepa, choncho achinyamata ambiri ophunzira amakasaka ntchito ku Dubai, Saudi Arabia ndi maiko ena a Aluya, n'kumatumiza ndalama kwawo. Boma nalo limalira ndi ngongole, ndipo ochemerera zipani akhala akuphana, makamaka m'boma la Kannur.

Ngakhale zili choncho, ine ndikuona kuti Kerala yapeza chinthu chosowa. Kusintha atsogoleri pakokha sikudyetsa munthu. Chimene chinathandiza n'chakuti ovota anaika malire: kanganani mmene mungathere, koma sukulu, chipatala ndi munda wa mlimi musazikhudze.