Tanthauzo la "70%" ya mvula pa foni ya m'manja

Masiku ano munthu akafuna kudziwa ngati kugwe mvula sayang'ananso kumwamba kokha, koma amatsegula foni. Mapulogalamu monga AccuWeather amaonetsa kachithunzi ka mtambo, ndipo pambali pake pamakhala nambala monga 70%. Nkhani ino ikufotokoza komwe nambalayi imachokera, chomwe imanena, komanso zomwe zimatayika anthu akayamba kutumizirana uthengawu.

Foni payokha siyeza nyengo. Imangolandira zotsatira za ntchito yochitikira kutali. Masetilaiti a Meteosat, omwe ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kuchokera padziko, amajambula mitambo, pamene malo oyezera nyengo, ndege ndi sitima zapamadzi zimayeza kutentha, mphepo ndi chinyezi. Zonsezi zimalowetsedwa m'makompyuta akuluakulu monga a bungwe la ECMWF, lomwe likulu lake lili ku Reading m'dziko la England. Kompyutayo imagawa dziko lonse m'timabokosi ta makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse, kenaka n'kuwerengera momwe mpweya wa m'kabokosi kalikonse usinthire m'maola akudzawo.

Popeza miyezo yoyambira siikhala yolondola ndendende, akatswiri amabwereza masamuwo maulendo 50, ulendo uliwonse atasintha pang'ono poyambira. Mwachidule, ngati maulendo 35 mwa 50 aonetsa mvula pa Zomba, ndiye kuti tapeza 70%. Izi zikutanthauza kuti pa masiku 10 ofanana ndi limeneli, mvula imagwa pamalopo masiku 7, ndipo masiku atatu kumacha gwa. Nambalayi sinena kuti mvulayo itenga nthawi yaitali bwanji, kapena kuti ichuluka motani. Mawawa ongonyowetsa fumbi amakwaniritsa ulosiwo chimodzimodzi ndi chimvula chokokolola mizere. Choncho mlimi wothamangira kubzala chimanga chifukwa waona 70% akhoza kutaya mbewu yogula modula. Chomwe akadayang'ana ndi kuchuluka kwa mamilimita, komwe mapulogalamu ena amakulemba pang'onopang'ono m'munsi.

Kwa ife ophunzira chiyankhulo, mawu omwe timagwiritsa ntchito nawonso ali ndi vuto lawo. Timati "ulosi wa zanyengo", koma m'maganizo a Mchewa mlosi amanena zomwe zichitikedi, ndipo zikapanda kuchitika timati ndi wabodza. Tsono mvula ikapanda kubwera pa tsiku la 70%, anthu amati azanyengo anama, chikhalirecho nambalayo inasiya kale mpata woti kuche. Enanso amamasulira kuti "mwayi wa mvula". Mwayi ndi chinthu chabwino, kotero "mwayi wa madzi osefukira" sumveka bwino kwa munthu wa ku Nsanje. Ine ndimaona kuti kunena kuti "mvula ikhoza kugwa" kapena "chiopsezo n'chachikulu" kumafika pafupi ndi zomwe nambalayo ikunena.

Palinso nkhani ya maonekedwe a dziko lathu. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi yotalika mamita 3,002, koma chigwa cha Phalombe chili m'munsi mwake momwemo. Kabokosi kamodzi kakhoza kutenga phiri ndi chigwa n'kuzipatsa yankho limodzi. Mvula ya mabingu nayo, tonse tikudziwa, imagwa tsidya lino la mtsinje n'kusiya tsidya linalo.

Vuto limakula uthengawu ukayamba kuyenda. Munthu amajambula zomwe zaoneka pa foni yake n'kuponya pa gulu la WhatsApp, nthawi zina atadula dzina la malo ndi tsiku. Ulosi umasinthidwa kangapo pa tsiku, koma chithunzicho sichisintha. Chimazungulira masiku atatu, ulosi wa Lolemba wa ku Blantyre n'kuwerengedwa Lachinayi ku Karonga ngati wa lero.

Kufunika kwa zimenezi kunaoneka mu 2023. Namondwe wa Freddy, yemwe anakhala masiku 36 atadutsa nyanja yonse ya Indian Ocean, anafika kachiwiri ku Mozambique pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi, ndipo mvula yake inapha anthu oposa 600 kuchigawo chakummwera kwa Malawi, ena mazanamazana osapezeka. Njira ya namondweyu inkaoneka pa foni kudakali masiku. Komabe kachithunzi ka mtambo wokhala ndi timadontho kamaoneka chimodzimodzi kaya ikubwera ndi mvula wamba kaya ya chigumula. Kompyuta ya ku Ulaya sidziwa kuti m'munsi mwa phiri la Soche, ku Chilobwe, muli nyumba zomangidwa motsetsereka. Amene angadziwe zimenezi ndi a Nthambi ya Zanyengo ndi a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, omwe chenjezo lawo limatchula maboma ndi masiku, ndipo limauza anthu kuti asamukire kumtunda.