Bishopu Wochokera Kutali

Amalume, ndi nonse a ku Vubwi amene simukundipatsa mpata pa WhatsApp chilengezereni mu Okutobala 2025 kuti mayi Sarah Mullally ndiwo akhale Akibishopu wa Canterbury: mpingo wa Anglican kuno ku England sunatsekedwe, ndipo ine sindinausiye. Belu likulirabe Lasabata lililonse. Koma mng'alu ulipo, ndipo si wadzana.

Nditafika ku Yorkshire kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndinayamba kupemphera patchalitchi chapafupi ndi pomwe ndikukhala. Fungo la lubani, kugwada, wansembe atavala mikanjo yonse, zinandigwetsa misozi, chifukwa ndinakumbuka tsiku lija tinapita ku mishoni ya Msoro pa lole, fumbi lili tho m'maso. Nthawi itakwana yoti mwana wanga asanjikidwe manja, ndinamva kuti sabwera bishopu wa dayosizi yathu, abwera wina, bishopu wa Beverley. Ndinafunsa agogo ena amene amakonza maluwa kuguwa. Anapitiriza kudula timitengo ta maluwa ndi sizasi, n'kundiuza mofatsa kuti parishi yathu inagwirizana kalekale kuti siidzalandira wansembe wamkazi.

Nkhani yake ili motere. Mu 1992 Sinodi ya mpingo wa kuno inavomereza kuti amayi adzozedwe unsembe, ndipo oyamba anadzozedwa mu 1994. Amene chikumbumtima chawo chinakana sanapirikitsidwe. Anawapatsa mabishopu awoawo oyendayenda, oti azifika m'maparishi oterowo. Mu 2014 anavomerezanso mabishopu aakazi, woyamba n'kukhala Libby Lane mu Januwale 2015, koma khomo lija analisiyabe lotsegula: komiti ya parishi ikavota n'kulembera bishopu, imapatsidwa woiyang'anira wogwirizana ndi chikhulupiriro chake.

Taganizani, amalume, kwa amfumu a Pembamoyo banja lina linene kuti ndife anu ndithu, koma milandu yathu aziweruza amfumu akutsidya, a Pembamoyo n'kuvomera, n'kuwaitanira okha mfumuyo. Kwa miyezi ingapo zinandikwiyitsa. Kumene ndimagwira ntchito kumabwera wansembe wamkazi wa parishi yoyandikana nayo. Ndamuona pakati pa usiku atagwira dzanja la nkhalamba yotsirizika, akuidzoza mafuta pamphumi. Pakamwa panga sipangatuluke mawu oti ameneyo si wansembe. Komanso agogo a maluwa aja alibe chidani ndi munthu, ndiwo anandipatsa jekete chisanu changa choyamba. Awiriwa ali mumpingo umodzi, koma agogowo sangalandire Mgonero paguwa la mayi uja.

Kenako ndinakumbuka za ku Harare, m'chigawo chathu chomwechi cha Central Africa. Bishopu Nolbert Kunonga atapatuka mu 2007, Akhristu anatsekeredwa kunja kwa matchalitchi awo, kumapemphera pansi pa mitengo ndi m'matenti mpaka khothi lalikulu linagamula mu 2012. Kuno palibe wapolisi pakhomo la tchalitchi. Pamenepo mkwiyo wanga unatsikako, ngakhale sunathe.

Zija munamva zoti akukwatitsa amuna okhaokha, imvani bwino. Mu Febuluwale 2023 Sinodi inalola mapemphero odalitsa anthu otere, ndipo wansembe sakakamizidwa kuwagwiritsa ntchito. Chiphunzitso cha ukwati sanachisinthe. Komabe zinawawitsa ambiri mtima, moti maparishi ena ayamba kukana kutumiza gawo lawo la ndalama ku dayosizi.

Ndiye za malata a tchalitchi amene mukuti ndikupezereni azungu oti athandize, ndikupemphani mundileke. Kuno wopereka amafuna adziwe kaye kuti uli mbali iti, ndipo sindifuna kuti inu musankhe mbali pa mkangano wa eni chifukwa cha denga. Ine nditumiza yanga mwezi ukatha. Inunso mukagulitsa soya ndi mtedza, sonkhani, ndalamazo zilembedwe m'buku pamaso pa amayi a Mothers' Union.