Dziko lili ngati phala lomwe silinazizire

Phala likapsa n'kuliphula pamoto, silichedwa kuchita kakhungu pamwamba. Kakhunguko kamaoneka kouma, koma wopisapo chala amapsa, chifukwa pansi pake kutentha kudakalipo. Ukabwezera mphikawo pamakala otsala pang'ono kuzima, osautakasa, phala lapansi limayamba kukwera pang'onopang'ono. Kakhungu kaja kamang'ambika, zibenthu zake n'kumasuntha: china chikupita uku, china chikukwinyika pokumana ndi chinzake, china chikumira m'mbali mwa mphika. Amene anaonetsetsapo zimenezi sangavutike kumva mmene dziko lomwe tapondali lilili.

Kuchokera pamene mwaimapo kukafika pakatikati pa dziko pali makilomita 6,371. Nthaka ndi miyala yomwe timalimapo, kumangapo nyumba ndi kukumbamo zitsime ndi khungu chabe, lochindikala makilomita 30 mpaka 50 kumtunda kuno, ndipo pansi pa nyanja zamchere ndi lopyapyala koposa, makilomita 5 mpaka 10 basi. Mumphika wozama masentimita 20, khungu lotere lingangokwana milimita imodzi. Komabe munthu sanaliboolepo. Akatswiri a dziko la Soviet Union anayamba kukumba dzenje ku Kola mu 1970, ndipo pofika 1989 anali atatsika mamita 12,262. Pansipo anapeza kutentha kwa madigiri 180, zitsulo zobowolera n'kuyamba kukanika. Zaka zonsezo, ndalama zonsezo, sanafike n'komwe theka la khungu la kumeneko.

Nanga zam'kati tinazidziwa bwanji? Anatiululira ndi zivomezi. Chivomezi chikachitika, mafunde ake amadutsa m'kati mwa dziko n'kukamveka pa makina a kumayiko akutali. Ena mwa mafundewa amadutsa paliponse, koma ena sadutsa m'chinthu chamadzimadzi. Poona kumene afika, kumene sanafike ndi nthawi yomwe atenga panjira, akatswiri anazindikira kuti pansi pa khungu pali miyala yotentha yotsika mpaka makilomita 2,900, ndipo pansi pa miyalayo pali chitsulo chosungunuka. Mu 1936 mayi wina wa ku Denmark, Inge Lehmann, anaona kuti mafunde ena akutulukira komwe samayenera kutulukira, ndipo anati pakati pa chitsulo chosungunukacho payenera kuti pali chimpira china chosiyana nacho. Analondola. Pakatipo pali chitsulo cholimba, chotentha madigiri opitirira 5,000, chomwe sichisungunuka chifukwa cha kulemera kwa zonse zochipsinja.

Apa mphika wathu uyenera kugwiridwa mosamala, chifukwa ukhoza kutinamiza. Ambiri amaganiza kuti tikuyandama pa nyanja ya miyala yosungunuka. Ayi. Miyala ya pansi pa khungu ndi yolimba ndithu, kungoti chifukwa cha kutentha ndi kupsinjika imayenda, masentimita ochepa pa chaka, monga limachitira phala lomwe lalimba mpaka kutsala pang'ono kusanduka nsima. Imasungunuka m'malo ochepa okha, ndipo n'komwe kumaphulika mapiri a moto. Chachiwiri, dziko lilibe mafuwa ndi nkhuni pansi pake. Moto wake uli m'kati momwemo: wina ndi kutentha komwe kunatsalira pamene dziko linkapangika zaka 4.5 biliyoni zapitazo, wina umachokera ku miyala monga ya uranium, yomwe imatulutsa kutentha ikamasintha pang'onopang'ono.

Khungu lija, pamodzi ndi miyala yozizirirapo yomwe yamatirira kunsi kwake, ndi losweka m'zibenthu zikuluzikulu, ndipo zonse zili paulendo. Pomwe ziwiri zikutalikirana, miyala yotentha imakwera n'kutseka mpatawo. Pomwe zikugundana, cholemera chimamira pansi pa chinzake n'kumakoka mbali yotsalayo, kapena zonse ziwiri zimakwinyika n'kutukumuka. Mapiri a Himalaya anabadwa choncho pamene India anagunda Asia, ndipo mpaka lero akukwerabe.

Alfred Wegener wa ku Germany atanena mu 1912 kuti makontinenti anali amodzi kenako n'kupatukana, akatswiri anzake ambiri anamukana. Umboni anali nawo: gombe la kuzambwe kwa Africa limalumikizana bwino ndi la kuvuma kwa South America, ndipo zotsalira za nyama ndi zomera zofanana zimapezeka m'miyala ya mbali zonse ziwiri. Chomwe analephera kufotokoza ndi mphamvu yomwe ingakankhe kontinenti yathunthu. Anafera ku Greenland mu 1930 mfundo yake isanavomerezeke. Inadzalandiridwa m'zaka za m'ma 1960, anthu atayeza pansi pa nyanja zamchere n'kupeza kuti pakati pa Atlantic pakubadwa khungu latsopano. Sindiwaimba mlandu kwambiri omwe anamukana aja. Munthu wokuuza kuti munda wako ukuyenda ayenera kukuonetsanso chomwe chikuuyendetsa.

Ife sitifunika kupita kutali kuti tikaone mng'alu. Nyanja ya Malawi yagona mu umodzi. Kuchokera ku Ethiopia kutsika kudzera ku Kenya ndi Tanzania mpaka ku chigwa cha Shire ndi Mozambique, Africa ikung'ambika, mbali ya kuvuma ikutalikirana ndi inzake. Kuno kwathu liwiro lake ndi mamilimita ochepa pa chaka, koma kwa zaka mamiliyoni nthaka yapakati yakhala ikutitimira, madzi n'kudzazamo. N'chifukwa chake nyanjayi ndi yaitali, yopapatiza ndiponso yozama chotere. Kumpoto imafika mamita pafupifupi 700, kutanthauza kuti pansi pake ndi potsika kuposa pamwamba pa nyanja ya Indian Ocean. Mukamatsika phiri la Chiweta mabuleki akununkha, kapena msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere wopita ku Golomoti, mumakhala mukutsetsereka pakhoma la mng'alu umenewu. Madzi otentha otumphuka ku Chiweta ndi ku Mawira ku Nkhotakota ndi amvula wamba omwe analowa pansi kwambiri kudzera m'ming'alu, n'kutenthedwa ndi miyala, n'kubwereranso kumtunda. Kungodutsa malire a Tanzania, phiri la Rungwe ndi la moto, kungoti lagona.

Phiri la Mulanje ndi nkhani ina, yakale kwambiri kuposa nyanja. Zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo miyala yosungunuka inakwera koma sinatulukire kunja. Inazizirira pansi pa nthaka mwakachetechete n'kusanduka chimwala cholimba, ndipo mvula ndi mitsinje zitakokolola miyala yofewa yozungulira, icho chinatsala chili chiimire, nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002.

Vuto la khungu long'ambika n'lakuti silisuntha mwaulemu. Miyala ya mbali ziwiri za mng'alu imakolana kwa zaka zambiri, mphamvu n'kumaunjikana, kenako tsiku lina imapulumuka kamodzin'kamodzi. Chimenecho ndiye chivomezi. Pa 10 Marichi 1989 chinagwedeza Salima, n'kupha anthu ndi kusiya zikwi zambiri opanda pogona. Mu Disembala 2009 Karonga inagwedezeka kambirimbiri kwa masabata angapo, chachikulu kwambiri chinali pa 19 Disembala, ndipo nthaka inang'ambika poonekera, anthu n'kumagona panja poopa nyumba zawo zomwe.

Palibe katswiri amene angatchule tsiku la chivomezi chotsatira, ndipo wonena kuti akulidziwa akunama. Chodziwika ndi malo: m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire. Chodziwikanso n'chakuti anthu amavulazidwa ndi makoma ogwa. Ku Karonga zambiri zomwe zinagwa zinali nyumba za njerwa zomangira dothi, makoma ake osalumikizana bwino m'makona. Womanga m'madera amenewa akamachotsera zinthu pofuna kupulumutsa ndalama, achotse zina, koma asachotse bimu ya konkire ndi zitsulo yozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo, chifukwa ndi imene imagwira makoma anayi kuti agwedezeke limodzi m'malo mogwa lililonse palokha.