Magazi Amaulula Zimene Ciwindi Cikubisa

Pamudzi munthu akayamba kunenepa, anzace amati wayamba kupeza bwino. Koma mafuta amene akuoneka pamimbawo nthawi zina amakhala atalowanso m'ciwindi, ciwalo cimene cimasefa magazi ndi kupanga ndulu. Mafutawo akapitirira magawo 5 pa 100 a ciwindico, madokotala amati cadwala. Pa dziko lonse lapansi, pafupifupi akulu 3 mwa 10 alionse ali ndi bvutoli. Wosamwa mowa asadzinamize kuti wapulumuka, pakuti mu 1980 madokotala a ku Mayo Clinic, ku America, analemba za nthendayi ataipeza mwa anthu amene sanali zidakwa.

Coopsa cace n'cakuti ciwindi cimadwala mwakacetecete. Munthu amalima ndi kukolola zaka zambiri osamva kupweteka, pamene m'kati cikutupa ndi kucita zipsera. Maso akafika pocita cikasu, mimba n'kudzaza madzi, ndiye kuti caonongeka kale, ndipo apa m'pamene abale amayamba kuganizirana ufiti.

Mboni yoyamba ndi magazi. Ciwindi cikavulala cimataya m'magazi zinthu ziwiri zochedwa ALT ndi AST, monga thumba lobooka limatayira mphale m'njira. Dokotala akapeza kuti zakwera, amafunsa za mowa, makamaka kacasu, ndiponso amapima hepatitis B, cifukwa izinso zimazikweza. Komabe ALT payokha siyokwanira. Ambiri amene ali ndi mafuta m'ciwindi amapezeka ndi ALT yabwinobwino, nabwerera kumudzi akuyesa kuti ali moyo.

Cimene cimathandiza ndi masamu ochedwa FIB-4, amene akatswiri anawafalitsa mu 2006 atafufuza odwala HIV amene analinso ndi hepatitis C. Dokotala amatenga zaka za munthuyo, AST, ALT ndi ciwerengero ca ma platelets, tinthu timene timaumitsa magazi pabala. Ciwindi cikauma ndi zipsera, magazi amalephera kudutsamo bwino, amabwerera ku kapamba, ndipo kapamba amatupa n'kugwira tinthuti, motero timacepa. Yankho likakhala pansi pa 1.3, n'zokayikitsa kuti pali zipsera zazikulu. Likapitirira 2.67, wodwala ayenera kutumizidwa ku cipatala cacikulu kuti akamuunike ndi makina, ndipo wa pakati pa manambala awiriwa amapimidwanso m'njira zina. Zonsezi zimangofuna magazi ocepa a pamkono.

Oyenera kupempha kupimidwa ndi odwala matenda a shuga, a kuthamanga kwa magazi, ndi onenepa pamimba, ngakhale akudzimva amphamvu.

Cikapezeka msanga, ciwindi cimatha kucira. Kucepetsa thupi ndi magawo 7 mpaka 10 pa 100 kumacotsa mafuta ambiri ndi kuziziritsa kutupa. Kwa munthu wa makilo 80, awa ndi makilo 6 mpaka 8: kuleka mowa ndi zakumwa zotsekemera, kucepetsa shuga mu tiyi ndi mitanda ya nsima, kuculukitsa ndiwo zamasamba ndi nyemba, ndiponso kuyenda pansi tsiku ndi tsiku.