Golide wa ku Black Hills

Mapiri a Black Hills, kumadzulo kwa South Dakota ku America, amaoneka akuda munthu akamawaona ali kutali m'chidikha, chifukwa cha mitengo ya paini imene inakuta zitunda zake. Pakatikati pake pali mwala wa granite wa zaka pafupifupi 1.7 biliyoni. Zaka zoposa 60 miliyoni zapitazo nthaka inatukumuka pamalopo, ndipo mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala ya pamwamba mpaka miyala yakalekale ya pansi inaonekera. Golide amene anali m'miyalayo anatsetserekera m'timitsinje.

Golideyo ndiye anautsa mapiri pachigwa. Pangano la ku Fort Laramie la 1868 linavomereza kuti deralo ndi la eni nthaka, anthu a mtundu wa Alakota ndi abale awo. Koma mu 1874 gulu la asilikali lotsogoleredwa ndi George Custer linapeza golide ku French Creek, nyuzipepala zinalengeza, anthu n'kukhamukirako. Pofika 1876 tauni ya Deadwood inali itamera, yodzaza ndi okumba, mabawa ndi juga. Chaka chotsatira boma linalanda mapiriwo. Ine ndimati kumeneku kunali kuba dzuwa likuswa mtengo.

Mgodi wa golide wa Homestake m'tauni ya Lead, m'mapiri momwemo, unakumbidwa mpaka mamita pafupifupi 2,400 pansi, n'kutsekedwa mu 2002. Lero asayansi amafufuziramo tizinthu totchedwa neutrino.

Mu 1980 khoti lalikulu la America linagamula kuti eni nthakawo alipidwe madola oposa 100 miliyoni. Iwo anakana, akufunabe mapiri awo, ndipo ndalamazo zikungobereka chiwongoladzanja m'manja mwa boma.