Amaphatikiza mawu m'kompyuta ndani?

Nyimbo ikamalira pa kompyuta, uthenga n'kulowa, kabelu n'kumveka nyimboyo osadukiza, ambiri sadziwa kuti pagwiridwa ntchito. Sipika imangoliza zomwe yapatsidwa, kotero mawu ochokera m'mapulogalamu osiyanasiyana amayenera kuphatikizidwa kaye asanafike kumeneko. Ntchitoyi ingagwiridwe ndi khadi la mawu lenilenilo, kapena ndi pulogalamu yodalira purosesa ya kompyuta.

Kale makadi okwera mtengo ankaphatikiza okha. Sound Blaster Live!, yomwe kampani ya Creative inatulutsa mu 1998, inali ndi kapurosesa kakekake kotchedwa EMU10K1, ndipo inkalandira mawu a mapulogalamu ambiri nthawi imodzi. Makadi otchipa, omwe amabwera atamangidwira kale m'kompyuta, ambiri analibe luso limeneli. Pa Linux zimenezi zinkasowetsa anthu mtendere: pulogalamu yoyamba kutsegula khadi inkaliumirira, zina zonse n'kungoti zii mpaka iyo italisiya.

Anthu okonza ALSA, gawo la Linux loyang'anira mawu, anapanga kapulogalamu kophatikiza kotchedwa dmix, ndipo kuyambira 2005 kanayamba kumagwira ntchito kokha pa makadi otere, mwini kompyuta osakhudza kalikonse. Kenako kunabwera PulseAudio, yomwe Ubuntu inatenga mu 2008, ndiponso PipeWire, yomwe Fedora inayamba kugwiritsa ntchito pa mawu mu 2021. Nayo Microsoft inasamutsira ntchitoyi ku pulogalamu pomwe inatulutsa Windows Vista. Mapurosesa anali atakula mphamvu, moti kuphatikiza mawu sikunalinso katundu wolemera.

Komabe vuto lakale lija silinatheretu, ndipo gwero lake ndi khomo lomwe pulogalamu yalowera. Mu ALSA, khomo lotchedwa default limadzera kwa wophatikiza, pomwe lotchedwa hw:0 limalunjika pa khadi. Pulogalamu imodzi yokha ikauzidwa kulowera pa hw:0, imatsekera zinzake kunja. Munthu akhoza kuthamangira kukagula sipika zatsopano, chonsecho cholakwika ndi dzina limodzi m'makonzedwe a pulogalamuyo.

Pali ena amene amasankha dala khomo lolunjikali, ndipo sakulakwa. Wophatikiza amachedwetsako mawu pang'ono, komanso nthawi zambiri amasintha nyimbo ya pa CD, yomwe imakhala ndi zidutswa 44,100 pa sekondi, kuti ikhale ya 48,000. Womvera wamba sangazindikire. Koma woimba amene akujambula mu situdiyo kuchedwako amakumva, n'chifukwa chake pa Windows ambiri a iwo amagwiritsa ntchito ASIO ya kampani ya Steinberg, yomwe imalambalala wophatikiza. Amene sajambula nyimbo, ndi bwino angosiya mapulogalamu ake onse pa default.