Kuuluka Popanda Injini Pakhomo pa Luton

Kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa London, m'chigawo cha Bedfordshire, kuli mtandadza wa zitunda za choko umene eni dziko amautcha Dunstable Downs. Ndipo patsinde pa zitundazo, mbali yoyang'ana kolowera dzuwa, pali bwalo laudzu pamene anthu akhala akuphunzitsana kuuluka popanda injini kwa zaka zoposa 90. Bungwe lawo, London Gliding Club, linabadwa m'chaka cha 1930, m'masiku amene thambo linali lisanalembedwe malire, kotero kuti mu Epulo 1939 Geoffrey Stephenson ananyamuka pabwalo lomwelo, nalunjika kum'mwera chakum'mawa, naoloka nyanja yolekanitsa England ndi France, nakatera pafupi ndi Boulogne. Koma m'chaka cha 1938, pamtunda wa makilomita 12 okha kuvuma kwa zitundazo, panali patatsegulidwa kabwalo ka ndege ka mzinda wa Luton. Ndipo kabwaloko kanakula, kanakulirakulira, kufikira m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 18 miliyoni anadzerapo. Lero ndege za ku Dunstable zimanyamuka ndi kutera m'kati mwa malire a mumlengalenga amene Luton amalamulira. Nanga zitheka bwanji kuti mwana wa zaka 14, pakuti umenewo ndiwo msinkhu umene malamulo a ku Britain amalola munthu kuuluka yekha m'ndege yotere, akhale paunansi ndi Airbus yodzaza ndi anthu 180, onsewo nabwerera kwawo amoyo?

Tiyambe ndi ndegeyo, popeza ambiri a ife sitinaionepo. Glider ndi ndege yamapiko aatali ndi opyapyala, imene ikangosiya chingwe chimene chaikweza imayamba kutsika, ndipo kutsikako sikulekeza kufikira itatera. Nzeru yonse ya woiyendetsa ili pakupeza mpweya umene ukukwera mofulumira kuposa mmene ndegeyo ikutsikira. Imene amaphunzitsira kwambiri, ASK 21 ya kampani ya Alexander Schleicher ya ku Germany, imapita patsogolo mamita pafupifupi 34 pa mita imodzi iliyonse imene yataya, ndipo za mpikisano zimaposa 50. Poikweza, ena amagwiritsa ntchito makina okulunga chingwe oima kumapeto kwa bwalo, amene amaiponya mamita 300 kapena 400 m'mwamba mphindi imodzi isanathe. Ena amaikoka ndi kandege kainjini, nakaisiya pa mamita 600. Kuchokera pamenepo munthu amadziyang'anira yekha. Mphepo ya kumadzulo ikaomba zitunda za Dunstable imakakamizika kukwera, ndipo glider ikhoza kuyenda uku ndi uko m'mphepete mwa zitundazo kwa maola ambiri. Koma chuma chenicheni ndi mpweya wotentha umene umanyamuka pamene dzuwa laotcha nthaka, womwe uja timauona kwathu utanyamula fumbi ndi zinyalala m'kamvuluvulu wa mu Okutobala, womwenso miimba imazunguliramo osakupiza mapiko. Mbalame za mtundu wa mphamba, zimene zinabwezeretsedwa m'mapiri a Chilterns kuyambira 1989, zimachita chimodzimodzi, ndipo woyendetsa wanzeru akaziona zikuzungulira amadziwa kuti pamenepo pali mokwerera.

Maphunziro ake ndi a anthu awiri m'ndege imodzi: wophunzira pampando wakutsogolo, mlangizi kumbuyo kwake, aliyense ali ndi ndodo yowongolera ndi zopondera zake, zolumikizana kotero kuti mmodzi akasuntha yake ya mnzake imasunthanso. Chifukwa cha ichi pali mwambo wosaphwanyika, wakuti mlangizi akafuna kutenga ndege amanena poyera kuti waitenga, wophunzira navomera poyera kuti waipereka, kuti pasakhale kamphindi kamene onse awiri akulimbirana, kapena, choopsa koposa, kamene aliyense akuyesa kuti mnzake ndiye wagwira. Alangizi ambiri m'mabungwe otere salipidwa. Ndi anthu a ntchito zina amene amapereka Loweruka ndi Lamlungu lawo, atayesedwa ndi kuvomerezedwa pansi pa British Gliding Association, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1929. Phunziro loyamba, ndege isanakhote ndi kamodzi komwe, ndilo kuyang'ana kunja: kumanzere, kumanja, pamwamba, pansi, ndi kumbuyo kwa phiko kumene munthu akufuna kukhotera. Pambuyo pake pamadza kutera, kudziwa chochita chingwe chikaduka ndege ikali pafupi ndi nthaka, ndi kuipulumutsa pamene yachepa liwiro niyamba kugwa chozungulira. Zonsezi amaphunzitsa pabwalo lililonse padziko lapansi. Ku Dunstable kuli phunziro lina loonjezera, ndipo kwa ine ndilo lolemera kuposa onsewa.

Mlengalenga, ngakhale m'maso mwathu ndi mopanda kanthu, munagawidwa m'magulu otchedwa ndi zilembo A kufikira G, monga mwa dongosolo la bungwe la maiko onse la ICAO. M'gulu G munthu amauluka mwaufulu, kusamala kwake kuli m'maso mwake. M'gulu D, limene lazinga Luton, palibe ndege imene ingalowe popanda chilolezo cha oongolera ndege, amene amakhala patsogolo pa radar nalankhula ndi aliyense pawailesi. Maonekedwe a malo oletsedwawo ali ngati mtengo wa kachere: thunthu lake lafika pansi pozungulira bwalo la ndege, nthambi zake zatambalala kutali, ndipo pamene mukutalikira thunthu nthambizo zimayambira pamwamba, kusiya mpata woti ndege zazing'ono zidutse kunsi kwake. Bwalo la ku Dunstable lili m'mphepete mwa thunthu lenilenilo. Kuti bungwelo lipitirize kukhala ndi moyo, panalembedwa pangano pakati pa ilo ndi oongolera ndege a Luton, lopatula zigawo zina za mlengalenga, chilichonse ndi malire ake a m'mbali ndi a kumwamba, m'mene maglider angauluke osapempha chilolezo paulendo uliwonse. Kukula kwa zigawozo kumatsata mphepo. Pakuti ndege zimatera moyang'anana ndi mphepo, ndipo ikaomba kuchokera kuvuma, ndege za Luton zimadza zikutsika kuchokera kumadzulo, nizidutsa makilomita ochepa chabe kum'mwera kwa bwalo laudzu lija.

Tsono taganizirani za wophunzira amene wakhala masabata ambiri akusaka mpweya wokwera osaupeza, amene maulendo ake akhala akutha pa mphindi zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndiye tsiku lina dzuwa lawala bwino, wamva phiko likunyamulidwa, kachipangizo kosonyeza kukwera kayamba kulira mokondwa, iye wakhota bwino monga anamuphunzitsira, nthaka ikutalikira, mtambo woyera uli pamwamba pake kumuitana. Mpweya umenewo ukanatha kumukweza mamita ena mazanamazana. Koma nthawi yomweyo, chimwemwe chake chili pachimake, mlangizi amamufunsa kuti ali pamsinkhu wanji ndipo malire ali pati. Ndipo wophunzirayo ayenera kusiya dala chimene wachifunafuna nthawi yonseyo, kuwongola mapiko ndi kutulukamo, kapena, ngati mpweya uli wamphamvu kotero kuti ukumunyamulabe, kutsegula mabuleki a pamapiko ndi kutaya ndi dzanja lake msinkhu umene anaupeza movutikira. Kugwira ndodo mwana wachangu amakudziwa m'masiku ochepa, koma kudziletsa kotereku kumalowa mwa munthu pang'onopang'ono, ndipo mlangizi woona salola wophunzira kuuluka yekha asanaone kuti amatuluka mumpweya wokwera asanauzidwe.

Pali misampha ina yobisika, imene imagwira ngakhale a mtima wabwino. Chipangizo choyezera msinkhu chimawerenga kulemera kwa mpweya, ndipo pophunzira ambiri amachitchera kuti chionetse ziro ndege ili pansi pabwalo. Koma malire a pamapu amawerengedwa kuchokera pamwamba pa nyanja, ndipo bwalo la ku Dunstable lili mapazi pafupifupi 500, ndiwo mamita 150, pamwamba pa nyanjayo. Woiwala kuonkhetsa mapazi amenewo amadziyesa wosalakwa ali kale m'njira ya ndege zazikulu. Mphepo nayonso imamukankha munthu pamene akuzungulira, kotero kuti amene anayambira kukhota pamalo ololedwa amapezeka wadutsa malire maso ake ali pamtambo. Chifukwa chake alangizi amaphunzitsa malirewo ndi zinthu za pansi, msewu uwu, mudzi uwo, nkhalango iyo, kuti munthu awadziwe ndi maso ngakhale mapu a GPS atazima. Ndipo akuluakulu a zandege ku Britain amalangiza onse kusiya mpata wa mamailo awiri m'mbali ndi mapazi 200 kunsi kwa malire. Amene wasokonezeka amauzidwa kuti aitane pawailesi msanga, avomere kuti sakudziwa pamene ali, pakuti mbewa yamanyazi inafera kudzenje.

Wina angafunse kuti, kandege kopepuka kotero kakalowa pang'ono, kalakwira yani? Glider ndi yoyera ndi yopyapyala, ndipo ikayang'anana nanu maso ndi maso imaoneka ngati kamzere chabe. Pa radar imaoneka movutikira, popeza thupi lake ndi la pulasitiki wolimbitsidwa ndi ulusi wagalasi. Ndege yaikulu, ngakhale itachepetsa liwiro monga malamulo afunira ikatsika pansi pa mapazi 10,000, ikhoza kuthamanga makilomita 460 pa ola, ndiko kunena kuti kilomita imodzi imatha m'masekondi asanu ndi atatu. Maglider ambiri ali ndi chipangizo cha FLARM, chimene chinayambira ku Switzerland m'chaka cha 2004, chochenjeza oyendetsa pamene ayandikana. Koma makina ochenjeza a ndege zonyamula anthu samva FLARM, amamva transponder yokha, chipangizo choulutsa pamene ndege ili, imene imadya batire m'ndege yopanda injini yoti n'kuidzazanso. Pa 28 Ogasiti 2006, m'chigawo cha Nevada ku America, kum'mwera chakum'mawa kwa Reno, ndege ya Hawker 800XP inaombana ndi glider ya ASW 27 pamsinkhu wa mapazi pafupifupi 16,000. Glider imeneyo inali ndi transponder, koma inali yozimitsa. Mwa chisomo chokha palibe anafa: woyendetsa glider anatsika ndi parachuti, ndipo Hawker inakatera ndi mimba ku Carson City. Ngakhale pamene sipachitika ngozi, ndege yosadziwika ikalowa m'malire oongolera amakakamizika kupatutsa ndege zonse kutali nayo, nthawi zina kuimitsa zonyamuka. Ndipo ku Britain zolowa zoterezi, za ndege zazing'ono za mitundu yonse, zimaposa 1,000 pachaka. Apa m'pamene nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, chifukwa cholakwa cha wophunzira mmodzi chimagwera mlangizi wake, chimagwera bungwe lonse, ndipo chimagwedeza pangano limene ena analisunga kwa zaka zambiri.

Komabe sindikhulupirira kuti mlandu wonse uli pa ang'onoang'ono. Malo oletsedwa akakula, ndege zazing'ono sizitha ayi, zimangothinana m'tinjira totsala, ndipo ngozi imene yachotsedwa m'kati mwa malire imasamukira kunja kwake. Ili ndilo linali dandaulo la Lasham Gliding Society ya ku Hampshire, limodzi mwa mabungwe aakulu koposa a maglider padziko lonse, pamene bwalo la Farnborough, lotumikira ndege za amalonda ndi anthu olemera, linapempha malo akeake mumlengalenga. Civil Aviation Authority, bungwe loyang'anira zandege ku Britain, inavomereza pempholo mu 2018. A ku Lasham anapita nalo kukhoti lalikulu, nagonja mu 2019. Malire atsopanowo anayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2020. Malire atakwezedwa kapena kutsitsidwa ndi mapazi 500, kwa ndege yainjini ndi nkhani yaing'ono, koma kwa glider ndi makilomita asanu a ulendo, ndipo nthawi zina ndiko kusiyana kwa kufika kunyumba ndi kutera m'munda wa mlimi. Tisaiwalenso kuti kuuluka ndi mapiko kunayambira m'ndege zoterezi: Otto Lilienthal anafa atagwa ndi glider yake mu 1896, abale a Wright anaphunzira pa maglider ku Kitty Hawk asanaike injini mu 1903, ndipo kufikira lero ena mwa oyendetsa ndege zazikulu anayamba kudziwa mpweya pampando wakutsogolo wa glider, pamtengo umene mwana wa munthu wamba angathe kuufikira. Dziko limene lingatseke mabwalo otere lidzakhala litatseka sukulu.

Mu Epulo 2025 boma la Britain linavomereza kuti Luton ikule kufikira anthu 32 miliyoni pachaka, ndipo ntchito yokonzanso njira zonse za mumlengalenga mwa London ili m'kati. Njira zikadzalembedwanso, a ku Dunstable adzayenera kukhalanso pansi ndi oongolera ndege a Luton kukambirana za zigawo zawo. Ndipo umboni umene adzaubweretse patebulopo ndi wa timakina ta GPS timene timalemba malo ndi msinkhu wa ulendo uliwonse, timene tidzaonetsa ngati ophunzira awo anasunga malire kapena ayi.